KUCHIZA MAGANIZO MWA ZOJAMBULA: NJIRA YOPEZERA MAPHUNZIRO AKE

Munthu akamadutsa m'misewu ya mu Lilongwe, makamaka chakumsika ndi ku Malangalanga, amaona zikwangwani ndi makoma a sitolo ojambulidwa mwaluso. Ambiri amayesa kuti luso lotere n'lopezera ndalama basi. Koma kujambula ndi kuumba kumathandizanso odwala maganizo, ndipo pali maphunziro apamwamba a ntchito imeneyi, amene pa Chingerezi amatchedwa art therapy.

Chiyambi chake

Dzinali linayamba m'chaka cha 1942 ndi Adrian Hill, mmisiri wa zithunzi wa ku England. Iyeyu adagonekedwapo m'chipatala cha odwala chifuwa chachikulu, ndipo adaona kuti kujambula kunkamupepuza mtima, iye pamodzi ndi odwala anzake. Mu 1946 Edward Adamson adayamba ntchito yonga yomweyi pa chipatala cha matenda a maganizo cha Netherne. Bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku Britain lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo la ku America mu 1969.

Mmene chithandizochi chimagwirira ntchito

Pali zowawa zina zimene pakamwa pamalephera kunena. Mwana amene adaona makolo ake akukokoloka ndi madzi pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, kapena mtsikana amene adachitidwa nkhanza, akhoza kukhala chete ngakhale afunsidwe kangati. Akapatsidwa pepala, makala kapena dongo, amaika pamenepo zimene zili kumtima. Katswiri sayang'ana kukongola kwa chithunzicho, ndiponso salosera tanthauzo lake. Amakhala pafupi, nafunsa modekha, kufikira wodwalayo atayamba kufotokoza yekha. Chithandizochi sichilowa m'malo mwa mankhwala a dokotala; ziwirizi zimayendera limodzi.

Amene angathe kuphunzira

Maphunzirowa ndi a munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba, kawirikawiri ya zojambula kapena ya kaganizidwe ka munthu. Maphunziro awiri onsewa amapezeka ku University of Malawi ku Zomba. Sukulu zina zimalandiranso anamwino, aphunzitsi ndi a zachisamaliro cha anthu, malinga ngati amajambula kapena kuumba nthawi ndi nthawi.

Kusankha sukulu

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Imodzi mwa sukulu zapafupi ndi University of Johannesburg ku South Africa, kumene wophunzira amayamba ndi digiri ya Honours, kenaka Masters. Ku Britain kuli Goldsmiths ku London ndi Queen Margaret University ku Edinburgh, ndipo maphunziro amatenga zaka 2. Asanasankhe, wofunsira malo afufuze zinthu izi:

1. Kodi maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo m'dzikolo, monga HPCSA ku South Africa kapena HCPC ku Britain? Kosi yamasabata ochepa ya pa intaneti simupanga munthu kukhala katswiri.

2. Kodi wophunzira adzagwira ntchito ndi odwala enieni moyang'aniridwa ndi katswiri?

3. Kodi ndalama zonse n'zingati? Sukulu za ku Britain zimafuna kuti wophunzira nayenso azilandira uphungu nthawi yonse ya maphunziro, ndipo kawirikawiri amalipira yekha. Thandizo la Chevening ndi la maphunziro a chaka chimodzi chokha, kotero silikwanira pa maphunziro a zaka 2.

4. Kodi akadzabwerako pepala lake lidzalandiridwa? Ndi bwino kufunsiratu ku National Council for Higher Education ndi ku Medical Council of Malawi, onse mu Lilongwe momwemo. Safunsa anadya phula.

Kukonzekera kalata yofunsira malo

Choyamba, asonkhanitse zithunzi za ntchito za manja ake, zosonyeza mmene luso lake lakulira. Chachiwiri, akhale atagwirapo ntchito yothandiza anthu ovutika, ngakhale mongodzipereka, pa sukulu, pa malo osamalira ana kapena pa chipatala. Odwala maganizo amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital ndiponso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo iye akhoza kulembera akuluakulu a kumeneko kupempha mwayi woonerera. Chachitatu, apeze makalata a umboni kwa amene adamuphunzitsa ndi amene adamuyang'anira pa ntchito. Wopita ku South Africa atumize mapepala ake ku SAQA kuti akaunikidwe, ndipo wopita ku Britain akonzekere mayeso a Chingerezi monga IELTS. Zonsezi zimadya miyezi, tsono ayambe chaka chathunthu nthawi isanakwane.

Pa mayeso apakamwa, aphunzitsi amafuna kudziwa ngati munthuyo amatha kumvetsera, kusunga chinsinsi ndi kupirira pomva zowawa za ena. Luso la manja lokha silikwanira. Amene ali ndi zonsezi asachite mphwayi, pakuti odwala amene mawu adawathera akusowa munthu wotere.