Zobiriwira Zaphimba Damu la Nsomba: Mafunso ndi Mayankho

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Lirangwe. Akuti: "Ndimaweta makumba. Chiyambireni Okutobala, pamwamba pa damu langa payandama zobiriwira ngati penti, zonunkha, ndipo mbandakucha nsomba zimabwera pamwamba kukamwa kuli yasa. Kodi wina wandithirira mankhwala?"

Katswiri: Bambo, musaganizire anansi anu. Amenewo ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, ngakhale ambiri timangoti ndere. Amaswana kwambiri madzi akatentha, akakhala osayenda, komanso zitosi ndi madeya otsala zikachuluka pansi. Kutentha kwa ku Lirangwe m'miyezi ino mukukudziwa nokha.

Masana mabakiteriyawa amatulutsa mpweya wabwino, koma usiku amaupuma okha, ndiye pofika m'mawa makumba anu amakhala akubanika. Choopsa chachikulu chimabwera kukachita mitambo masiku angapo: mabakiteriyawa amafa onse pakamodzi, n'kuwola, ndipo damu lonse lingathe usiku umodzi.

Lekani lero lomwe kuthira manyowa. Chakudya chepetsani, ndipo tsiku limene nsomba zikupuma pamwamba musazipatse kanthu. Mphepo ikakankhira zoyandamazo kumbali, zichotseni ndi thumba, muzikwirire kutali ndi madzi. Ngati muli ndi madzi abwino, lowetsani m'mamawa, ena akale atuluke. Chonde musathire mankhwala ophera ndere. Zikafa zonse mwadzidzidzi zimatulutsa poizoni m'madzi ndipo mpweya umatheratu.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku Chileka akufunsa kuti: "Alangizi amati madzi obiriwira ndi chakudya cha nsomba. Nanga abwino ndi oipa tiwasiyanitsa bwanji? Mbuzi zanga zimamwanso pa damu pomwepo."

Katswiri: Alangizi sananame, mayi. Makumba amadya tizomera ta m'madzi, n'chifukwa chake timathira manyowa. Vuto n'kupitiriza muyeso. Pisani mkono: chikhatho chizisowa madzi akafika pachigongono, pafupifupi masentimita 30. Chikasowa madzi asanafike pamenepo, mwawonjeza. Tungani madzi m'botolo loonekera, muwasiye pamthunzi usiku wonse; zobiriwira zikasonkhana pamwamba, ndi zoipazo. Ndere wamba mukazitola ndi kamtengo zimalendewera ngati ulusi.

Koma za mbuzi zandidetsa nkhawa kuposa za nsomba. Mitundu ina ya mabakiteriyawa, monga Microcystis, ili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. M'chaka cha 2020 njovu zoposa 300 zidafa ku Botswana, boma la kumeneko n'kunena kuti zidamwa madzi oterewa. Ndi maso simungadziwe ngati damu lanu lili ndi poizoni, choncho tchingirani, mbuzi muzizimwetsa madzi a pamjigo, ana asasambemo, ndipo nsomba zofa zokha musadye kapena kugulitsa. Zikayamba kufa zambiri, itanani mlangizi wa zansomba tsiku lomwelo.