SITIROBERI NDI MTIMA WA MUNTHU WONENEPA

Alimi, kunenepa kopitirira si cizindikiro ca cuma ai: kulemetsa mtima, ndipo kuitana nthenda ya shuga. Zipatso za sitiroberi zikhoza kuthandizako. M'magalamu 100 muli madzi magalamu 91 ndi shuga magalamu 5 okha, ndipo vitamini C ndi wocuruka monga m'malalanje.

M'caka ca 2021 akatswiri a ku America analengeza kuti anthu onenepa amene anadya ufa wa zipatsozi masabata 4, matupi ao anayamba kumvera bwino insulini, imene icepetsa shuga m'mwazi. Komabe zipatso sizilowa m'malo mwa mankhwala a kucipatala.

Okani mbande cisanu cisanafike, phimbirani nthaka ndi udzu, thirirani kawirikawiri. Zikapsa, musagulitse zonse. Zina idyani, osathira shuga.