Phunziro: Nkhani Imene Mwamvayo, Mwini Wake Ndani?

Inu a ku Area 23, kumbukirani tsiku la 10 Juni 2024, pamene inasowa ndege imene inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Usiku uja ambiri sanagone. Pa WhatsApp ndi pa Facebook panayenda mawu amitundumitundu, uyu anena izi, uyo anena izo, ndipo yense anali kutumiza kwa mnzake asanafunse kumene mawuwo achokera. M'mawa mwake, pa 11 Juni, Mtsogoleri wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza pa wailesi kuti ndege yapezeka ku Chikangawa, ndi kuti onse 9 amene anali m'menemo amwalira. Amene anadikira wailesi anamva mochedwa, koma anamva kamodzi. Enawo mtima unawakwera ndi kuwatsika usiku wonse pachabe.

Tsono phunziro lathu ndi ili: nkhani yokhulupirika ili ndi mwini wake. Mtolankhani ali ndi dzina, ali ndi mkonzi womuyang'anira, ndipo akanamizira munthu angathe kuimbidwa mlandu. Nanga amene anayamba uthenga umene wafika pa lamya yanu, mumudziwa? Mukapeza kuti ndi bodza, mukamufunsa kuti?

Achikulire akumbukira tsiku la 8 Marichi 1992. Lamya za m'manja kunalibe, ndipo wailesi ya m'dziko muno inali imodzi yokha, ya boma. Komabe kalata ya maepiskopi yonena za umphawi, za anthu omangidwa popanda mlandu ndi za mantha a kulankhula inamveka dziko lonse tsiku limodzi, pakuti inawerengedwa mokweza m'matchalitchi. Mphamvu yake inali yakuti eni ake anaika maina awo pansi pake. Anaitanidwa ndi apolisi. Monsinyori John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Anthu anaona kuti awa ndi mawu amene eni ake alolera kuvutika nawo, ndipo pa 14 Juni 1993 anavotera zipani zambiri.

Lero njira zachuluka. Yoyamba ndiyo wailesi. MBC ilipo kuyambira 1964, Radio Maria inayamba ku Mangochi mu 1999, Zodiak inayamba muno mu Lilongwe mu 2005, ndiponso tili ndi Radio Alinafe. Wailesi sifuna bandulo, ndipo magetsi akazima mabatire agwira ntchito. Ngakhale lamya zambiri zotsika mtengo zili nayo wailesi m'kati mwake. Koma tisanamizane, wailesi nayonso ili ndi mbali imene ipendekera. Ya boma iona ndi diso la boma, yoima payokha iona ndi diso lina. Chifukwa chake mverani ziwiri, m'mawa ina, madzulo ina, ndipo pamene zisiyana m'pamene muyenera kutchera khutu koposa. Nthawi ya nkhani ikatha, bwererani ku ntchito zanu. Lamya ilibe nthawi yotsekera, n'chifukwa chake ena nsima imawazizirira m'mbale.

Yachiwiri ndiyo nyuzipepala, monga The Nation ndi The Daily Times. Mudzati mtengo wake wakwera, ndipo zambiri zili m'Chingerezi. Zoona. Koma nyuzipepala imodzi ikwanira nyumba khumi, monga mpeni umodzi ukwanira osenda chinangwa ambiri. Sonkhani pang'onopang'ono mu mphakati wanu, mugule imodzi pa sabata, ndipo mnyamata kapena mtsikana wa kusekondale awerenge namasulire kwa akulu. Wowerengayo adzapindula kawiri. Amene apita ku City Centre angathenso kulowa m'nyumba ya mabuku ya National Library Service.

Njira yachitatu tiiwala chifukwa ili pafupi: kufunsa eni nkhani. Za matenda funsani kuchipatala, za mayeso funsani aphunzitsi aakulu, za madzi ndi misewu funsani amfumu kapena khansala wa dera lanu.

Akatekisiti, pa msonkhano wa mphakati sabata ino chitani chotere. Pemphani munthu mmodzi awerenge uthenga umene walandira posachedwa pa lamya yake. Kenaka funsani onse: Unalembedwa ndi yani? Unalembedwa liti? Kodi wailesi inanenapo? Amene sanayankhidwe mafunso atatuwa asautumize kwina, ndipo musankhe anthu awiri adzamvetsere nkhani za madzulo, abwere ndi yankho pa msonkhano wotsatira.