PHUNZIRO LA SABATA INO: M'busa amene sanathawe

Werengani: Yohane 10:11-13



Lero tikamba za wansembe wa Katolika. Nidziwa ena mwayamba kale kuti, “Ah, ba pasita, manje ise tiphunzire ku Katolika?” Yembekezani pang'ono.

Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma la FRELIMO pansi pa Samora Machel linalanda masukulu na zipatala za mamishoni, ndipo mu 1977 chipanicho chinalengeza kuti chikutsata Marxism. Mpingo unayamba kuonedwa ngati mdani wa boma. Pamwamba pa izo panabuka nkhondo pakati pa FRELIMO na RENAMO, anthu a m'midzi ali pakati ngati udzu pomenyana njovu.

Ku Angónia, m'chigawo cha Tete, kumene amakamba chinenero chathu chomwechi, kunali Bambo João de Deus Kamtedza, wa chipani cha Jesuit, mwana wa komweko wobadwa mu 1930. Anali kukhala pa mudzi wa Chapotera, kufupi na mishoni ya Lifidzi, pamodzi na mnzawo wa ku Portugal, Bambo Sílvio Moreira. Malire a Malawi sali patali na kumeneko, ndipo anthu ambiri anali kuwoloka kuthawa nkhondo. Iwo anatsala na amene analibe kothawira. Usiku wa pa 30 October 1985, amuna onyamula mfuti anawatulutsa m'nyumba onse awiri na kuwapha. Mitembo yawo inapezeka patapita masiku. Mu 2021 dayosizi ya Tete inayamba kufufuza mwalamulo za moyo na imfa yawo.

Pa vesi tawerenga, Yesu akusiyanitsa m'busa na waganyu. Onse awiri amadyetsa nkhosa dzuwa likuwala. Chilombo chikafika, wina amayang'ana nkhosa, wina amayang'ana njira.

Ife tikonda umboni wa kupulumuka: ngozi ya basi inaniphonya, nkongole ya kaloba inatha, ntchito napeza. Aleluya, Mulungu amachitadi zimenezo! Koma Bambo Kamtedza sanapulumuke usiku uja, ndipo palibe angati chikhulupiriro chawo chinali chochepa. Chiphunzitso chakuti wokhulupirira weniweni sakumana na zowawa chimagwa pa Chapotera.

Kumbukirani kolera ya 2024, odwala atadzaza ku Heroes Stadium. M'komboni mwathu ena anatseka zitseko, ena anatungira madzi ana a neba amene amayi awo anagonekedwa. Imwe munali mbali iti? Ine funso limeneli linanivuta poyankha.

M'maselo sabata ino kambiranani: ndani pa mzere wa nyumba zanu amene aliyense wamuthawa? Mutchuleni m'pemphero, ndipo musanabalalike musankhe awiri okamuona. Mupemphererenso abusa a ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zakhala zikuotcha matchalitchi.