Ngodya ya Sayansi: Kodi 1.5 V imeneyi ikutanthauza chiyani?

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, ma graph a mzere woongoka aja ena mumati "tidzawagwiritsa ntchito kuti?" amatha kupulumutsa injini ya galimoto. Tamverani.

Kuti galamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya. Mafuta akachuluka, amakaniko amati injini ili rich: utsi wakuda, mapulagi akuda, thanki kutha msanga. Mpweya ukachuluka amati ili lean, ndipo pa injini imene ikukoka mwamphamvu apa ndiye pali ngozi. Kutentha kumakwera, injini imagogoda, mpaka pisitoni kubooka. Woyang'anira muyesowu ndi kompyuta ya galimoto, ija amaitcha ECU. Koma kompyuta ilibe mphuno. Imadalira sensor yomangidwa pa paipi ya ekizozi, imene imayesa okosijeni wotsala mu utsi. Sensor yotere inapangidwa ndi Bosch ndipo inayamba kuikidwa m'galimoto za Volvo mu 1976.

Anthu ena amasintha pulogalamu ya mu ECU, kapena kuikiratu ECU ina, kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zambiri, makamaka ya turbo. Amati tuning. Wochita zimenezi amathira kapena kuchepetsa mafuta poyang'ana nambala ya sensor, ndiye nambalayo ikanama, iyenso amalakwitsa ali ndi mtima wonse.

Chinthu choyamba kufunsa si "ikuwerenga ma volt angati?" ayi. Funsani kuti "ndi sensor yamtundu wanji?" Yakale ija, narrowband, imasewera pakati pa 0.1 V ndi 0.9 V. Pamwamba ndi rich, pansi ndi lean, pakati ndi 0.45 V. Injini ikatentha, voltage yake imayenera kumakwera ndi kutsika mosalekeza. Ikangoima malo amodzi, pali vuto. Koma Toyota zambiri zimene zadzaza m'misewu yathuzi zili ndi ina, yotchedwa A/F sensor. Pa makina a diagnosis imaonetsa pafupifupi 3.3 V muyeso ukakhala bwino, ndipo imayenda mosemphana ndi yakale: kukwera ndi lean, kutsika ndi rich. Sivinavina ngati inzake ija. Munthu wozolowera yakale akaona 3.3 V yongokhala phee amathamangira kunena kuti yafa, mwini galimoto n'kutaya ndalama pogula yatsopano, pamene inali bwinobwino. Ndipo multimeter pa mawaya ake siikuuzani zambiri, chifukwa ECU imagwira voltage ya pamawayawo kuti isasinthe, n'kumayesa current.

Tsono pa galimoto ya tuning nthawi zambiri amaika mtundu wachitatu, wideband yokhala ndi kabokosi kake. Kabokosiko kamatumiza 0 V mpaka 5 V ku ECU, ndipo ECU imasandutsa ma volt kukhala muyeso potsata graph imene munthu waiuza. Vuto ndi lakuti timabokosi timeneti sitigwiritsa graph imodzi. Tina timati 0 V ndi 10, 5 V ndi 20. Tina timati 0 V ndi 7.35, 5 V ndi 22.39. Tengani cholembera. Graph yoyamba gradient yake ndi 2, ndiye muyeso ndi 2V + 10. Yachiwiri gradient yake ndi 3.008, ndiye muyeso ndi 3.008V + 7.35.

Tiyerekeze kuti kabokosi ndi ka graph yoyamba koma ECU anaiuza yachiwiri. Injini ikungolira galimoto itaima, muyeso weniweni ndi 14.7, kabokosi katumiza 2.35 V, ECU iwerenga 14.4. Kusiyana kwake n'kochepa, aliyense pa galaja angoti zili bhobho. Chifukwa chake n'choti mizere iwiriyi imadutsana chapafupi pomwepo, pa 2.63 V. Koma pondani mafuta pa chitunda. Kabokosi katumiza 1.5 V, kutanthauza 13.0. ECU iwerenga 11.9. Injini ya turbo ikamakoka ndi mphamvu zonse amafuna muyeso wa pakati pa 11.5 ndi 12, ndiye munthu wa tuning uja aona 11.9 n'kusangalala, pamene injini ikulandira mafuta ochepa kuposa amene ikufuna. Sensor ilibe mlandu, waya alibe mlandu. Yalakwika ndi graph basi, ndipo pisitoni ndi imene ilipire.

Ndiye musanamasule kanthu, yerekezani nambala ya pa geji ya kabokosi ndi imene ECU ikuonetsa pa laputopu. Zikasiyana mochuluka kumbali ina n'kumagwirizana pakati, ndi graph. Zikasiyana mofanana paliponse, kaikirani earth. Kumbukirani za mu Physics kuti voltage ndi kusiyana kwa pakati pa malo awiri. Kabokosi kakamangidwa earth pa bodi ya dzimbiri pamene ECU yamangidwa pa injini, zero wawo sakhala mmodzi. Ikani multimeter pakati pa ma earth awiriwo injini ikulira, muyatse nyali ndi fani. Pa graph yoyamba ija, 0.1 V yokha imasuntha muyeso ndi 0.2.

Nthawi zina sensor imanena zoona koma zosocheretsa. Paipi ya ekizozi ikabooka sensor isanafike, mpweya wakunja umalowa, ndipo imawerenga lean. Pulagi imodzi ikamaphonya, okosijeni wosapsa amatuluka, imawerenganso lean, ngakhale petulo akununkha kumbuyo. Wothira mafuta owonjezera pamenepa akungowotcha ndalama. Onaninso fyuzi ya heater ya sensor, poti yozizira siwerenga zolondola. Osaigwira ndi dzanja, wideband imatentha kupitirira 600°C. Kuyesa kosavuta n'koti galimoto ikuthamanga ili m'giya, woyendetsa achotse phazi pa mafuta. ECU zambiri zimadula petulo pamenepo, ndiye nambala iyenera kuthamangira ku lean mpaka kumapeto.

Kanthu kena ka kwathu konkuno: petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol yekha amafuna magalamu 9 okha a mpweya, ndipo petulo wokhala ndi 10% ya ethanol amafuna pafupifupi 14.1. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti n'kwabwino kuwerenga mu lambda, pamene 1.00 ndi muyeso wokwanira kaya mafutawo ndi otani.

Funso la sabata ino: muyeso weniweni ndi 12.5 ndipo kabokosi ndi ka graph yoyamba. Katumiza ma volt angati, nanga ECU ya graph yachiwiri iwerenga chiyani? Onetsani njira yonse, mupereke ku kalabu ya sayansi pofika Lachisanu.