Anatenga magazi a ng'ombe zanga: kodi ndikanatha kukana?

Adokotala,

Ndine mlimi wa mpunga kuno ku Dwangwa, ndipo ndili ndi ng'ombe zingapo, ziwiri ndi za ngolo. Mwezi wathawu amfumu analengeza kuti aliyense apite ndi ng'ombe zake kudambo chifukwa kukubwera anthu a kafukufuku. Anabweradi, natenga magazi pakhosi pa ng'ombe iliyonse, n'kuiveka kapulasitiki ka nambala kukhutu, basi ulendo. Anangoti akufufuza za kaodzera. Sanatipatse pepala lililonse, ndipo zotsatira mpaka lero zii. Ng'ombe yanga ya bere inatupa pamene anaibayapo. Mwana wanga wa ku sekondale akuti magazi otere amakabayira mbewa kuti zidwale. Kodi zimenezi n'zololedwa? Alipo amene amawayang'anira anthu amenewa? Nanga ndikanakana, akanandimanga?

Mlimi wa ku Dwangwa

Bambo,

Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza. Ngati ntchitoyo inalidi kafukufuku, munali ndi ufulu wokana, ndipo palibe mlandu. Kulengeza kwa amfumu kumatsegulira alendo mudzi, koma khola ndi lanu. Zimasiyana pakabuka mliri, monga chigodola cha nkhumba kapena matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Pamenepo lamulo la Control and Diseases of Animals Act limapatsa a vetenale a boma mphamvu zoyeza ziweto, kuzibaya katemera ndi kuletsa kuti zisatuluke m'dera, mwiniwake afune asafune. Choncho alendo akafika, funso loyamba likhale lakuti: mwabwera pa ntchito ya boma yoletsa mliri, kapena pa kafukufuku?

Chimene anabwerera kwanuko n'chomveka. Mwayandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, momwe muli kashembe wambiri. Kachirombo koyambitsa kaodzera kamakhala m'magazi a nyama zakutchire ndi a ng'ombe zomwe, nthawi zina ng'ombeyo osaonetsa n'komwe kuti ikudwala. Kashembe akaluma nyama yotere n'kudzaluma munthu, matenda alowa m'nyumba. N'chifukwa chake Nkhotakota ndi Rumphi ndi maboma amene kaodzera amavuta kwambiri m'Malawi muno, ndipo magazi a ng'ombe amathandiza kudziwa ngati kachiromboka kafika m'midzi.

Koma cholinga chikhale chabwino chotani, ndondomeko iyenera kutsatidwa. Kafukufuku m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la National Commission for Science and Technology, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la sayansi la chaka cha 2003. Wofuna kugwira ziweto amapempha chilolezo ku nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto mu unduna wa zaulimi, ndipo masukulu aukachenjede monga LUANAR ndi KUHeS ali ndi makomiti awo ounika kafukufuku asanayambe. Wokagwira nyama za m'nkhalango amafunikanso chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la Protection of Animals Act, loletsa kuzunza nyama popanda chifukwa, ndipo limagwira wina aliyense, wa ngolo ndi wa digiri yemwe.

Komiti ikalandira pempho imafunsa zinthu zitatu zimene William Russell ndi Rex Burch, akatswiri a ku Britain, anazifotokoza mu 1959, ndipo lero zimatsatidwa padziko lonse. Kodi yankho silingapezeke popanda kugwiritsa ntchito nyama? Ngati nyama zikufunikadi, n'zingati zimene zingakwanire popanda kuchulutsa? Nanga ululu muuchepetsa bwanji? Pa funso lachitatuli wofufuza amayenera kulemba amene adzabaye, maphunziro ake, kuchuluka kwa magazi, mmene adzagwirire nyama za bere, ndi chimene adzachite nyama ikavulala.

Za mbewa, mwana wanu sananame. Kale njira imodzi yodziwira kachirombo inali yobaya magazi a wodwala m'nyama yamoyo n'kudikira kuti idwale. Gulu la David Bruce, lomwe linafufuza kaodzera muno mu Nyasaland nkhondo ya 1914 isanayambe, linkachita zimenezi pa anyani, agalu, mbuzi ndi makoswe, ndipo nthawi imeneyo kuno kunalibe komiti yoti n'kulifunsa. Masiku ano magazi ambiri amayezedwa ndi makina a PCR, omwe amazindikira kachiromboko popanda mbewa n'imodzi yomwe. Umu ndi mmene funso loyamba lija limagwirira ntchito: njira yosapweteka ikapezeka, yakaleyo ilibenso chowiringula.

Komabe sindikunamizani kuti mbewa zinapumiratu. Kwa zaka zambiri wodwala kaodzera wofika mu ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, omwe ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Tsopano kuli mapiritsi a fexinidazole, omwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya. Anawayesa pa odwala ku Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, ndipo bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linawavomereza pa mtundu wa kaodzera umene umapezeka kuno mu December 2023. Asanafike pakamwa pa munthu, anayamba ayesedwa pa mbewa kuti aone ngati akuchiritsa, kenako pa makoswe ndi agalu kuti aone ngati sakuwononga thupi. Nyama zimenezo zinavutika, ndipo ambiri mwa akatswiri amavomereza zimenezi pokhapokha phindu likhale lalikulu, nyama zikhale zochepa, ndipo yodwalitsa iphedwe mosamva ululu isanazunzike. Alipo anthu oganiza bwino amene amakana ngakhale zimenezo. Ine ndimati kuyesako kuli ndi chifukwa chake, koma ng'ombe kapena mbewa silankhula, ndiye payenera kukhala munthu woilankhulira. Mu labotale ndi komiti. Pakhola panu ndinu.

Tibwere kwa ng'ombe yanu. Magazi otengedwa pa ntchito yotere amakhala ngati masipuni ang'onoang'ono awiri, pomwe ng'ombe yaikulu ili ndi malita oposa 15, ndiye kuchepa kwa magazi musakuope. Kutupako kawirikawiri kumabwera magazi akatayikira pansi pa chikopa, ndipo kumaphwa pakatha masiku ochepa. Koma ngati chotupa chikutentha, chikukula, chikutuluka mafinya, kapena ng'ombe yasiya kubzikula, itanani alangizi a ziweto lero lomwe. Musachiboole nokha, ndipo musaibaye mankhwala ogula pamsika, poti ili ndi bere. Kapulasitiki kakukhutu kasiyeni, pakuti nambala yakeyo ndi imene ingalumikize ng'ombe yanu ndi zotsatira zake.

Pitani kwa alangiziwo mukafunse kuti anabwerawo ndi a bungwe liti. Ofufuza olongosoka amadzera ku ofesi ya zaulimi ya boma, choncho dzina lawo liyenera kudziwika kumeneko. Lembani tsiku, nambala ya ng'ombe ndi zimene munaona, ndipo ngati muli ndi foni yojambula, jambulani chotupacho. Dandaulo lanu likafika ku komiti imene inapereka chilolezo, ili ndi mphamvu yowafunsa ngakhale kuimitsa ntchitoyo.

Akadzabweranso, muwalandire bwino, koma chingwe chisachoke m'manja mwanu musanaone kalata ya chilolezo. Afotokoze m'Chichewa chimene akufuna, komwe magazi akupita, amene adzalipire chithandizo ng'ombe ikavulala, ndi tsiku lodzakuuzani zotsatira. Akupatseninso nambala ya foni ya komiti. Safunsa anadya phula, Bambo. Wofufuza weniweni mafunso amenewa sadana nawo, chifukwa anawayankha kale pa pepala asananyamuke ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Amene wakwiya nawo, ng'ombe zanu zibwerere kukhola.

Dokotala wa ziweto