Dizilo kapena petulo wa turbo? Mphwanga, yamba wafunsa katundu wako

Malume,

Ndine bambo wa ana atatu, kwathu ndi kwa Mponda ku Mangochi. Ndagwira ntchito ku Joni ndipo ndasunga kangachepe koti ndigulire pick-up yonyamulira nsomba kuchoka m'madoko kupita ku Limbe, pobwerera ndizitenga simenti kapena malata. Mnzanga wina ku Joni akugulitsa double cab ya petulo ya turbo, yofiira, yooneka bwino zedi. Akuti injini za petulo za masiku ano zimakoka chimodzimodzi ndi dizilo, ndipo ndaonera pafoni zigalimoto za ku America zikukoka katundu woopsa. Akazi anga ndi achimwene awo akuti ndigule single cab ya dizilo, akuti ineyo ndikungofuna kudzionetsera. M'nyumba tsopano timangoyankhana mwachidule. Ndichite chiyani?

Wosokonezeka, kwa Mponda

Mphwanga,

Khala pansi kaye, mtima m'malo. Siwe woyamba kukangana ndi akunyumba chifukwa cha galimoto yomwe sinagulidwe n'komwe. Ndikuyamikire poyamba: ena amachoka ku Joni ndi wailesi yaphokoso ndi nsapato zosongoka basi, iwe wabwera ndi maganizo a geni. Komabe ndaona kanthu m'kalata yakoyi. Wandiuza kuti galimotoyo ndi yofiira, koma sunandiuze kuti imanyamula makilogalamu angati. Akazi ako aja pena akuona zoona, eti?

Choyamba, mnzakoyo sanakunamize, wangokuuza mbali yomwe imagulitsa galimoto. Turbo ndi kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, ndipo ntchito yake ndi kukankhira mpweya wochuluka mkati kuti mafuta ambiri apse nthawi imodzi. Potero injini yaing'ono imatulutsa mphamvu za injini yaikulu. Kampani ya Ford inaika injini yotere, ya malita 3.5, mu F-150 m'chaka cha 2011, ndipo anthu a ku America anailandiradi. Koma tayang'ana akuluakulu ake a F-150, zigalimoto zolemera zija umaonera pafoni: Ford F-250, Ram 2500, Chevrolet Silverado 2500. Wofuna petulo m'menemo amapatsidwa chiinjini cha malita 6 kapena 7 chopanda turbo, ndipo wofuna kukoka zolemetsa tsiku ndi tsiku amatenga dizilo ya malita 6.6 kapena 6.7. Eni ake opanga galimotozo sanaike petulo wa turbo pa ntchito yolemetsayo, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Injini ya petulo ya turbo imasunga mafuta ikakhala yopepukidwa. Ukaisenzetsa katundu n'kuyamba chitunda, turbo imagwira ntchito osapuma, injini imatentha, ndipo kompyuta yake imathira petulo woonjezera kuti iziziritse mkati. Singano ya thanki imatsika uli kuyang'ana. Za ku Americazo zisiye pafonipo, chiwongolero chake chili kumanzere ndipo nati yake iliyonse uzidikira ndege.

Udziwenso kuti dizilo za masiku ano, kaya Hilux GD-6, kaya Isuzu D-Max, kaya Ranger, nazonso zili ndi turbo. Choncho usamauze akunyumba kuti akukuletsa zamakono.

Chachiwiri, taganizira misewu yomwe uziyenda. Mangochi ali pansi, potentha. Kulikonse kumene kuli msika wa nsomba zako ndi kumtunda. Kupita ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo ukangodutsa Liwonde wayamba kukwera mpaka Zomba. Ukati Lilongwe kudzera ku Golomoti, chitunda cha Khwekhwerere chikukudikira. Ukati Namwera kapena Chiponde, phiri lili pomwepo ukangooloka mlatho wa Bakili Muluzi. Ndiye kumadoko kwenikweniko, monga ku Msaka, Malembo kapena njira ya ku Makanjira, ndi mchenga, mabampu ndi matope nyengo ya dzinja. Malo otere amafuna injini yokoka mwamphamvu ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo umenewo ndiwo mkhalidwe wa dizilo. Lita imodzi ya dizilo ilinso ndi mphamvu zochulukirapo kuposa lita ya petulo, ndipo injini yake imawotcha mosamala.

Tiyerekeze chabe, iwe ukayesa wekha manambala enieni. Tinene kuti ya dizilo yodzaza katundu ikumwa malita 10 pa makilomita 100, ya petulo malita 14. Ulendo wa ku Limbe, kupita ndi kubwera, kuphatikiza kuzungulira m'madoko, ndi makilomita ngati 400. Ya dizilo yamwa malita 40, ya petulo 56. Ukamapita kawiri pa sabata, mwezi ukamatha wataya malita oposa 120 pachabe, ndipo chambo chako ku Limbe sachigula modula chifukwa choti chabwera pa galimoto yofiira. Usayembekezere kuti dizilo pa pampu ndi wotchipa ayi. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 pomwe dizilo linamuika pa K2,734. Phindu la dizilo lili pa kutalika kwa mtunda womwe lita imodzi ikufikitsa.

Chachitatu, ndisakunamize kuti dizilo ndi mngelo. Apa mvetsera bwino, chifukwa ambiri alira nazo. Injini za dizilo zatsopanozi zimapopera mafuta pa mphamvu yoopsa kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri ta ma injector. Kadontho ka madzi, kafumbi, kapena parafini wosakaniza ndi dizilo, zimapha ma injector ndi pampu yake, ndipo mtengo wa zimenezi ukhoza kumeza phindu la miyezi ingapo. Dziko lathu umalidziwa. Mafuta athu amachokera kutali, ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikasowa mizere imayamba, monga tinaonera mu 2011 ndi 2012, komanso kuyambira 2022. Tsiku lina udzakhala ndi nsomba zaziwisi kumbuyo, thanki ili pansi, pa filling station palibe kanthu, ndipo mnyamata wa chigubu adzakukodola m'mbali mwa msewu. Tsiku limenelo ndilo lidzaweruze injini yako. Mankhwala ake ndi kudzaza thanki mafuta akapezeka, kusunga ena m'zigubu zako zoyera zotseka bwino kutali ndi moto ndi ana, ndi kusintha fyuluta ya dizilo msanga osadikira kuti galimoto iyambe kutsokomola. Ngati ya dizilo yomwe wapezayo inapangidwira ku Ulaya kapena ku Japan, funsa ngati ili ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, chifukwa imeneyo imatsekeka ukamayenda timaulendo tifupitifupi.  Injini zakale ngati 4.2 ya Land Cruiser zilibe liwiro, koma zimapirira mafuta omwe yatsopano ingafe nawo.

Ya petulo ya turbo nayonso ndi yosankha zakudya. Ku Joni pa pampu umasankha 93 kapena 95. Kuno umalandira yemwe alipoyo, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Imafunanso oilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, osati wa m'mabotolo opanda dzina.

Chachinayi n'chachifupi. Pita pa boma, uyende m'magalaja atatu kapena anayi, utchule dzina la galimoto ya mnzakoyo. Amakanika akayamba kuyang'anana, wayankhidwa. Hilux imapangidwa ku Durban, D-Max ku Gqeberha, Ranger ku Pretoria, ndipo za dizilo zake zadzaza m'maofesi a boma, m'mabungwe ndi m'maesiteti, kotero sipeyala wake, watsopano kapena wogwirapo kale ntchito, sasowa ku Limbe. Usipa wouma ungadikire sipeyala wochokera ku Joni, koma chambo cha mu ayisi sichidikira.

Chachisanu, thupi la galimoto. Double cab inadya malo a katundu n'kuwapereka kwa mipando. Ya petulo ya turbo yotchuka ku Joni, monga Ranger Raptor ya malita 3.0, anaipangira kuthamanga m'tchire, ndipo imanyamula zochepa kuposa Ranger wamba. Chikomekome cha mkuyu, mphwanga. Single cab imanyamula pafupifupi tani imodzi ndipo kumbuyo kwake n'kotalika. Usipa wa pa thandala ndi wopepuka koma umadya malo, pomwe nsomba zaziwisi ndi ayisi wake zimalemera, simenti ndiye osanena: matumba 20 a makilogalamu 50 tani yakwana kale. Ngati m'mutu mwako muli matumba 40, pick-up iliyonse uipha, kaya ya dizilo kaya ya petulo. Pamenepo yang'ana kalole ka matani awiri ngati Toyota Dyna kapena Mitsubishi Canter. Ndipo pano ndikulankhula mosaseka: usadzakweze anthu pamwamba pa katundu pofuna ya matola. Mabuleki akakana pa Khwekhwerere, maliro amenewo adzakhala pamutu pako moyo wako wonse.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya m'nyumba. Mawu oti ukudzionetsera akupweteka, ndikudziwa. Unagona m'zipinda zothithikana, unapirira kuzizira ndi kunyozedwa m'dziko la eni, ndipo mtima ukufuna kuti anthu a kwa Mponda aone kuti sunapite kukasewera. Limenelo si tchimo. Koma kumbuka kuti nthawi yonse unali ku Joni, amene ankadzuka usiku mwana akatentha thupi, amene ankadikira ndalama yochedwa n'kumakongola ufa, ndi mayi amenewa. Ndalamayo anaivutikira nawo. Akamakana galimoto yofiira, akuopa tsiku lomwe idzakhale pa mawe pansi pa mtengo wa mango, iwe n'kunyamulanso chikwama kubwerera ku Joni. Mantha awo ndi oti adzakusowanso.

Alamu ako alangize, koma asagamule. Ndalama si yawo. Khalani awiri inu, ana atagona, ndi kope ndi cholembera. Lembani mtengo wa galimoto, msonkho wa MRA pa chipata, inshuwalansi, COF, matayala anayi, ndi mpamba wogulira nsombazo, chifukwa galimoto yopanda mpamba imangonyamula katundu wa anzako. Lembaninso miyezi yowonda. Mwera ukaomba m'nyengo yozizira asodzi salowa m'madzi, mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndipo kuyambira Novembala nyanja imatsekedwa ku makoka ena kuti chambo chiswane. Masiku amenewo galimoto izidya chiyani? Ukagula yomaliza ndalama zonse, injector imodzi ikadzafa udzagulitsa mbuzi za akazi ako, ndipo kuyankhana mwachidule kwa leroku kudzasanduka nkhani ya ankhoswe.

Mnzako wa ku Joni umuyankhe mwaulemu. Ngati ndi mnzako weniweni, sakwiya. Ungamufunsenso mwachifatse chifukwa chomwe akuigulitsira.

Ukanakhala wa mu ofesi, woyenda wopanda katundu pa tala pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ndikanati tenga ya petuloyo usangalale. Koma pa ntchito yomwe wanditchulirayi, gula single cab ya dizilo ya mtundu wodziwika kuno, upite ndi makanika wako akaiyese isanalipiridwe, ndipo gawo lina la ndalama litsale m'manja mwa akazi ako. Ngati mtima ukadali pa zofiira, opaka penti pa Mangochi alipo. Undilemberenso mukakambirana.

Ndine malume ako.